Injini ya a Mlauzi ndi Mwana Wopanda Dzina

Kalekale, koma osati kale loti n'kuiwalika, poti ena mwa anthu a m'nkhaniyi akadali ndi moyo, kumapiri a ku Neno kunali bambo wina dzina lake Zefaniya Mlauzi. A Mlauzi anali ndi galimoto, pikapu yobiriwira yamphuno yaitali, imene anagula kwa mzungu wina wa ku esiteti iwo atangokwatira kumene. M'mudzi wa Mwalawoyera ndi midzi yonse yoyandikana nawo munalibe galimoto ina. Pikapuyo inanyamula mbatatesi ndi tirigu kupita kumsika, inanyamula akwati, odwala ndi maliro. Ngakhale akazi awo a Mlauzi, inawatengera kuchipatala ali moyo, n'kuwabweretsa ali m'bokosi.

A Mlauzi atakalamba, matenda a shuga anawatseka maso. Chaka chomwecho giyabokosi ya galimoto ija inagonja. Mano ake anali atadyeka moti giya inkangotuluka yokha pachitunda, kenako tsiku lina inasweka m'kati. Anatuma anthu kukafunafuna ina ku Limbe, ku Lilongwe mpaka ku Tete, koma kulikonse ankabwezedwa ndi mawu amodzimodzi: "Zamtundu umenewu zinatha, madala. Amene ankazipanga nawonso anamwalira."

Choncho galimoto inakhala m'shedi ya malata kuseri kwa nyumba. Injini yokha ndi imene inali ndi moyo. M'mawa uliwonse a Mlauzi ankapapasa khoma mpaka kukafika kushediko, n'kupukusa hendulo ya kutsogolo, injini n'kulira. Akatero ankakwera, n'kukhala pampando wa dalaivala, manja ali pachiwongolero, osapita kulikonse.

"Iyi ikamalira ndimaona," ankauza ana awo. "Ndimaona msewu, ndimaona mitengo ya paini, ndimaona ndi amayi anu atakhala apa akusenda nthochi."

Ndipo anaika lamulo loti pagalimotopo pasadzafike macheka kapena moto wowotcherera iwo ali ndi moyo.

Ana awo anali anayi. Woyamba anali Kefasi, amene ankawotcherera zitsulo pamsika wa m'deralo: mafelemu a zitseko, ngolo, makasu othyoka. Wachiwiri anali Sungeni, amene anakwatiwa kumunsi, ku Mwanza, ndipo iye ndi mwamuna wake anali ndi minibasi imodzi imene inkadyetsa banja lawo. Wachitatu anali Dziwenji. Ameneyu poyamba ankayendetsa malole, koma tsiku lina kamwana kanathamangira mumsewu kutsatira mpira, iye n'kukagunda. Kukhoti anati analibe mlandu. Iye sanazimve zimenezo. Anapita kumanda a kamwanako, nalumbira pamaso pa makolo ake kuti sadzagwiranso chiwongolero, ndipo anabwerera kumudzi kukalima mbatatesi. Wotsiriza anali Feliya, amene ankakhala ndi bambo ake, kuwaphikira ndi kuwatsogolera poyenda, mwamuna wake ali ku Joni.

Chaka chimene ndikunenachi Feliya anali woyembekezera, ndipo kunagwa mvula imene akuluakulu anati sanaionepo. Mlatho wa pamsewu waukulu unakokoloka. Kunatsala msewu wakale wokha, wotsika ndi phiri, umene anthu ankautchula kuti Mtsetse wa Nyani. Unali wopapatiza, khoma la phiri mbali iyi, phompho mbali inayo.

Namwino wa pakachipatala ka m'mudzimo atamuyeza Feliya, anaitana alongo ake awiri aja.

"Mwana wagona mopingasa," anatero, "ndipo magazi a mayiyu akuthamanga kwambiri. Taonani mmene miyendo yatupira. Pano sindingathe. Akufunika opaleshoni kuchipatala chachikulu nthawi yake isanakwane."

"Nanga ambulansi?" anafunsa Kefasi.

"Yayesa kukwera mtsetse uja, yatitimira m'matope, achita kuikoka chobwerera. Akuti akhoza kudzadikira pansi pa phiri. Pamwamba pano safika."

Kefasi anatchula za machila. Namwino anapukusa mutu. Sabata yapitayo anthu ananyamula bambo wina wodwala kutsika naye phirilo, onyamula anaterereka, wodwalayo anagwera pamiyala ndipo kuchipatala sanafikeko. Njinga yamoto namwinoyo anaikana. Ngolo nayo, ng'ombe sizikanatha kuigwira pamtsetse woterera chotero.

Anaimbira foni Sungeni, ndipo atatuwo anakambirana. Dziwenji ndiye ananena chimene onse ankachiganiza.

"Pikapu ya bambo ndi yaitali miyendo. Matope aja ikhoza kudutsa. Koma popanda giya siyenda, ndipo pamtsetse paja mabuleki okha sangaigwire. Pamafunika giya, kuti injini izithandiza kugwira mawilo."

"Giyabokosi ya minibasi yathu singalowe?" anafunsa Sungeni pafonipo.

"Ikhoza kulowa," anatero Kefasi, "koma ndiye kudula."

Anapita kwa bambo awo m'shedi muja, Sungeni akadali pafoni. A Mlauzi anamvetsera zonse mutu uli pansi.

"Mukufuna kudula chiyani?"

"Chibade chimene chimalumikiza injini ndi giyabokosi, bambo," anayankha Kefasi. "Ndi pansi pa galimoto, poti giya yatsopanoyo imatulukira pansi, osati pachiwongolero ngati yanuyi. Shafiti yopita kumawilo akumbuyo nayo ifunika kufupikitsa."

"Ukadula, zingabwererenso mwakale?"

"Ayi, bambo."

Feliya, amene anali atatsamira pakhomo la shedi, analowerera. "Musadule galimoto ya bambo chifukwa cha ine, achimwene. Amayi anabereka tonsefe pamudzi pompano."

"Iwe kagone," anatero a Mlauzi. Anasisita chitseko cha galimoto mpaka Feliya atachoka. "Ameneyu ndi mwana wanga. Dulani zimene mukudula. Koma injini iyi mundibwezere ikulira. Ndatsala ndi yomweyi. Mukundilonjeza?"

Kefasi analonjeza. Dziwenji analonjeza. Sungeni naye pafoni paja anati, "Tidzaibweza, bambo."

Tsopano imvani zimene aliyense anachita.

Sungeni atauza mwamuna wake, a Chidothi, iwo anakana.

"Minibasi imeneyi ndiye munda wathu," anatero. "Ikaima, ana adya chiyani? Ndipo giyabokosi ikakwera phiri lija n'kukaikidwa m'chigalimoto chija, sibweranso. Mlamu wangayo ndikumumvera chisoni, koma ayi."

M'mawa mwake a Chidothi atapita kumaliro kwawo, Sungeni anaitana amakanika a pasiteji, nawauza kuti atsitse giyabokosi pamodzi ndi kilatchi yake. Amakanikawo anayang'anana, nafunsa ngati bwana akudziwa. Iye anati akudziwa. Anaikweza palole yopita ku Neno, ndipo pomwe lole inalekezera anapeza ngolo yomufikitsa pansi pa phiri. Pamenepo anagwada kwa amuna a m'mudzi wa pansipo. Iwo anamangirira chitsulocho pamtengo wa bulugamu n'kuyamba kukwera nacho m'mvula. Chinagwa m'matope kangapo konse, iwo akuchidzutsa. Pakati pa phiri mmodzi wa onyamulawo anabinya phazi, nakhala pansi, ndipo anzake anati pamenepa ndi pomaliza. Sungeni anamanga chitenje m'chiuno, naika phewa lake pansi pa mtengo uja. Pofika pa Mwalawoyera phewalo linali litasupuka, bulauzi itamatirira pachilonda.

Asanamwe n'komwe madzi, foni inalira. Anali a Chidothi, atabwerera kunyumba n'kupeza minibasi ili pamiyala.

"Wasankha kwanu," anatero. "Ukhale komweko. Ana ndiwapereka kwa amayi anga."

Sungeni anaika foni m'thumba, nafunsa kumene Feliya wagona.

Kefasi anakokera makina ake owotcherera m'shedi muja, nabwereka jenereta ya pachigayo. Atagoneka giyabokosi yatsopano pambali pa yakale, anaona kuti palibe bowo ngakhale limodzi logwirizana. Zitsulo ziwirizo zinapangidwa nthawi zosiyana, m'maiko osiyana, ndi anthu amene sanadziwane. Anatenga katoni, naipaka girisi, naidinda kumbuyo kwa injini kuti mabowo a mabawuti aoneke. Anachita chimodzimodzi kukamwa kwa giyabokosi. Kenako anadula chitsulo chokhuthala chimene ankasungira ngolo ya munthu wina, nachiboola motsatira makatoni aja, kuti chikhale pakati, mbali iyi chigwire injini, mbali inayo chigwire giyabokosi. Nsonga ya shafiti ya m'giyabokosi yatsopanoyo inali yaing'ono kuposa bowo lake la pa injini, ndiye anasema kamphete kuchokera kumpopi wakale wamkuwa, akupala ndi tupa, kuyesa, kupalanso, mpaka kanakhala bwino.

Pamene anayamba kudula chibade chakale, a Mlauzi anali pakhonde. Phokoso la macheka litafika m'makutu mwawo, anadzuka, nalowa m'nyumba, natseka chitseko.

Giyabokosi yatsopanoyo inali yonenepa kuposa yakale, moti inkatsamira kapaipi ka mafuta a mabuleki kamene kanadutsa m'mbali mwake. Kefasi anakakhotetsa ndi manja kuti kapatuke, nakamanga ndi waya. Anafuna kuika kena katalikirapo, koma pamudzipo panalibe, ndipo namwino anali atatumiza kale uthenga woti Feliya wayamba kumva mutu ndi kuona zinthu ziwiriziwiri.

Pokweza giyabokosi kuti ilowe m'malo mwake, jeke anaterereka padothi lonyowa. Kefasi anali chagada pansi pa galimoto, dzanja lamanja lili pakati pa zitsulo ziwirizo kuwongolera shafiti. Dziwenji anamva kulira kwa mkulu wake, nathamanga ndi mtengo kukatukula. Zala zitatu zinali zitaphwanyika. Namwino anazimanga nati, "Inunso ndinu wa kuchipatala." Kefasi anabwerera pansi pa galimoto. Mabawuti otsalawo anamanga ndi dzanja lamanzere, mng'ono wake akumugwirira sipanala. Atamaliza analiza injini, nalowetsa giya, ndipo pikapu ija inatuluka m'shedi yokha, koyamba patapita zaka.

Panatsala woyendetsa. Kefasi analibe dzanja. Sungeni ankadziwa kuyendetsa pa tala pokha. M'mudzimo munalibe wina amene anatsikapo Mtsetse wa Nyani ali pachiwongolero kupatula a Mlauzi, amene sankaona, ndi Dziwenji, amene analumbira.

"Achimwene, mukudziwa zimene ndinanena kumanda kuja," Dziwenji anauza Kefasi.

"Ndikudziwa."

"Mayi ake a mwana uja anandigwira dzanja. Anati andikhululukira chifukwa cha mawu amenewo."

"Ndikudziwa. Koma ndionetse wina woti ndimupatse galimotoyi."

Dziwenji anazungulira kuseri kwa shedi, nasanza. Atabwerako anatsuka m'kamwa, nakwera.

Feliya anamugoneka pamatiresi kumbuyo, pansi pa lona, namwino ali mbali iyi, Sungeni mbali inayo. Kefasi anakhala kutsogolo, dzanja lomanga lija lili pachifuwa. A Mlauzi anatuluka, napapasa nkhope ya Feliya, kenako anaima pabwalo akumvetsera mpaka kulira kwa injini kunazimirira.

Matope a kumtunda anawadutsa bwino. Giya inkalowa mofewa, yosakukuta, ndipo Kefasi anayamba kupuma momasuka. Pofika pamtsetse Dziwenji anaika giya yoyamba, wani, monga ankachitira bambo ake, galimoto n'kumatsika ngati munthu woyenda pansi. Anadutsa pokhota poyamba. Asanafike pachiwiri, kumbuyo kuja Feliya anayamba kugwedezeka thupi lonse, maso atatembenuka. Namwino anamugwira mutu, namubaya jakisoni. Sungeni anakwawira kutsogolo, namenya denga la galimoto ndi chikhatho.

"Dziwenji, fulumira. Feliya akutisiya."

"Pano safulumira, achemwali."

"Ndati fulumira. Kodi ukufuna ukafikitse maliro?"

Dziwenji anaika giya yachiwiri, phazi likuthandiza pabuleki. Anadutsa pokhota pachiwiri. Patsogolo panali pomaliza, poipa kuposa ponse, pamene msewu umabwerera ngati chigongono pamwamba pa phompho. Ataponda buleki, phazi linangopita mpaka pansi. Kapaipi kaja kankakhukhuzana ndi giyabokosi njira yonse mpaka kanabooka, mafuta onse n'kutayikira mumsewu.

Anapondanso, palibe. Anakoka buleki ya pamanja, galimoto sinamve. Liwiro linayamba kukwera.

"Achimwene, ndikubwezera wani."

"Pa liwiro ili? Uphulitsa injini. Ikhukhuze kukhoma."

"Kumbuyo kuli Feliya."

Anaponda kilatchi, nakankha giya ndi mphamvu zake zonse. Giyabokosi yakale ija ikanakana, poti wani inkalowa galimoto ikaima basi. Yatsopanoyi inalola. Atasiya kilatchi, injini inakuwa mawu amene sinakuwepo chipangireni. Mawilo akumbuyo anakwekwerezeka m'matope, galimoto inagwedezeka, liwiro linatsika, ndipo anakhota pachigongono paja wilo limodzi likugumula m'mphepete mwa phompho. Atangodutsa, kunamveka kuphulika ngati kwa mfuti. Galimoto inaima njii, utsi ukutuluka, oilo wakuda akuyenderera mumsewu.

Onse anali amoyo. A mu ambulansi, amene ankadikira chapansipo, anamva phokosolo nakwera ndi machila awo, poti kuchokera pamenepo msewu sunali wotsetsereka kwambiri. Tsiku lomwelo Feliya anamuchita opaleshoni, ndipo kunabadwa mwana wamkazi. Kefasi naye madokotala anamudula zala zija.

Feliya akadali m'chipatala, Sungeni anapita ku Mwanza kukapepesa. Anapeza zovala zake zili m'thumba pakhonde, chitseko chili chokiya. Dziwenji naye anayenda ulendo wapansi kupita kwa mayi wa kamwana kaja, kuti akamve kwa iye mwini wake asanamve kwa ena. Mayiyo anamvetsera ali chiimire.

"Mlongo wanu ali moyo?" anafunsa.

"Ali moyo, mayi."

"Ndiye muli ndi mwayi," anatero, nalowa m'nyumba osamupatsa mpando.

Mvula itatha, mlatho ataukonza, anakoka galimoto ija ndi thirakitala kubwerera nayo kumudzi. A Mlauzi anapempha kuti awatsegulire boneti. Anapapasa injini kuyambira pamwamba, kutsika m'mbali, mpaka dzanja lawo linalowa m'bowo lalikulu ngati chibakera, pamene chitsulo cha m'kati chinatulukira. Analisiya momwemo dzanjalo nthawi yaitali.

"Kefasi, ingakonzeke?"

"Ayi, bambo."

Kuyambira tsiku limenelo a Mlauzi ankadzuka dzuwa litakwera. Ankakhala pakhonde osalankhula, chakudya akungochigwiragwira. Feliya atabwera ndi mwana kuti amunyamule, anabweza manja.

"Osati panopa," anatero. "Itana abale ako."

Atasonkhana, anawauza kuti afotokoze zonse, osabisa kanthu. Anafotokoza za kapaipi, za kumenya denga, za giya, za khoma la phiri. A Mlauzi anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndili ndi mawu awiri," anatero. "Mmodzi mwa inu anapulumutsa mwana wanga ndi mdzukulu wanga. Ameneyo ndiye atche mwanayu dzina, ndipo ndikalimva ndimunyamula. Mmodzi mwa inu anaphwanya lonjezo, n'kunditseka maso kachiwiri. Ameneyo achoke pakhomo pano, adzabwere pamaliro anga. Ine sindinaone zimene zinachitika. Inu munaona. Ndiuzeni, uyu ndani, uyu ndani."

"Bambo, tinachita tonse," anatero Sungeni.

"Munalonjeza mmodzimmodzi, aliyense ndi pakamwa pake. Muyankhenso choncho."

Woyamba kulankhula anali Sungeni yemweyo.

"Popanda giyabokosi imene ndinasenza, galimoto ikanakhala m'shedi, Feliya tikanamuika m'manda. Chifukwa cha chitsulo chimenecho ndilibe banja, ana anga ndimawamva pafoni. Mukandichotsa pano ndilowera kuti? Ine sipanala sindinaigwire, chiwongolero sindinachigwire."

"Koma denga unamenya, mlongo wanga," anatero Kefasi. "Ukanapanda kukuwa, mng'ono wathuyu akanatsika ndi wani mpaka pansi, buleki osaifuna n'komwe. Ndipo giyabokosi yako ndi imene inalola wani pa liwiro lija. Komanso chitsulo chakocho chikanangokhala chitsulo pabwalo pano ndikanapanda kuchilumikiza. Taonani dzanja ili. Ntchito yanga yathera pomwepa. Ine ndinamuuza Dziwenji kuti akhukhuze galimoto kukhoma. Akanamvera, injini ikanakhala ikulira lero."

"Ndikanapanda kukuwa," anayankha Sungeni, "akanafika pansi ndi injini yamoyo ndi Feliya wakufa. Funsani namwino."

Dziwenji analankhula maso ali pansi. "Ndikanakhukhuza kukhoma, Feliya akanagubuduka kumbuyo kuja, mwinanso galimoto ikanadumphira kuphompho tonse tili momwemo. Ndipo buleki ikanagwira, achimwene, wani ndikanaibwezeranji? Kapaipi kaja munakamanga ndi waya ndinu." Kenako anatembenukira kwa bambo ake. "Dzanja limene linakankha giya ndi langa, sindikana. Ngati n'kuchoka, ndichoka. Koma dzina ndilitcha ine ndisanapite, chifukwa kukankha komweko ndi kumene kunawapulumutsa. Tsiku limenelo ine ndinaphwanya malonjezo awiri. Limodzi ndi lanu, lina ndinaliika pamanda a mwana wa eni."

"Sindinati munthu mmodzi atenge zonse ziwiri," anatero a Mlauzi. "Wopulumutsa mwana wanga sindingamuthamangitse. Wonditseka maso sangatche dzina mdzukulu wanga."

Feliya anagwada pafupi ndi mapazi awo, mwana ali kumsana. "Bambo, thamangitsani ine. Zonsezi zinachitika chifukwa cha ine."

"Iwe sunandilonjeze kanthu."

Anaitana amalume awo a anawo kuchokera kutsidya la mtsinje. Iwo atamva mbali zonse anati, "Alamu, chitsulo ndi chitsulo. Mwana ali moyo, mdzukulu ali moyo. Ingokhululukani."

"Ndikhululukire ndani?" anafunsa a Mlauzi. "Ndiuzeni dzina lake, mwina ndikhululuka."

Amalume anayang'ana Kefasi ndi dzanja lake, anayang'ana Sungeni ndi thumba lake la zovala, anayang'ana Dziwenji, ndipo dzina silinatuluke. Anabwerera kwawo nkhani ili pomwepo. Anaimbira mwamuna wa Feliya ku Joni kuti monga bambo wa mwana angotcha dzina iyeyo, nkhani ithe. Iye anati sangatche dzina mwana amene anapulumutsidwa ndi ena iye kulibe, ndipo sangadutse mawu a apongozi ake.

M'mudzimo anthu anagawanika. Ena ankati nkhalambayo ndi youma mtima, yoyerekeza injini ndi moyo wa munthu. Ena ankati ayi, galimoto sanaikanize, lamulo lawo analithyola okha, anangopempha chinthu chimodzi, ndipo ana atatu analonjeza chimene sankadziwa ngati angachisunge. Kumjigo amayi ankakhalira kumbuyo Sungeni. Pamsika amisiri ankati popanda Kefasi palibe chikanayenda. Amene anatsikapo mtsetse uja ankati munthu asanene kanthu za Dziwenji ngati sanaonepo phompho lija ali pachiwongolero.

Pakhomopo moyo unapitirira mopunduka. Sungeni ankagona m'kanyumba kosungiramo mbatatesi. Kefasi ankaphunzira kugwira ndodo yowotcherera ndi dzanja lamanzere, ndipo akakumana ndi Dziwenji panjira ankangodutsana. A Mlauzi anayamba kuonda. Mwana anamera mano, anayamba kukwawa, dzina alibe. Nthawi zina ankakwawira pakhonde n'kugwira mwendo wa agogo ake kuti aimirire. Iwo mwendowo sankauchotsa, koma manja ankawasiya pamawondo.

Tsono nkhaniyi ndikuisiya m'manja mwanu, inu amene mwaimva. Sungeni anasenza giyabokosi namenya denga. Kefasi anailumikiza namanga kapaipi ndi waya. Dziwenji anatsika phiri nakankha giya. Mwa atatuwa, ndani atche mwanayu dzina, ndipo ndani atenge katundu wake achoke pakhomo pa a Mlauzi?